Chikope Chogwa, Mtima Wothamanga: Mwana Akadwala Myasthenia ndi Chithokomiro Nthawi Imodzi

Pali vuto lina limene limasokoneza makolo, nthawi zina ngakhale azachipatala amene sanakumane nalopo. Tinene kuti mtsikana wa zaka 12 wapezeka ndi chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso. Wayamba kumwa mankhwala, mtima umene unkathamanga wadekha, thukuta lachepa, thupi layamba kubwerera. Koma dzuwa likamapendeka chikope chimodzi chikugwa, akuti akuona zinthu ziwiriziwiri, ndipo nsima yamadzulo akuisiya pakati, ati nsagwada zatopa. M'mawa akadzuka ali bwinobwino. Pakhomo ena akuti mankhwala aja ndiwo abweretsa matenda ena, ena akuti adokotala sanamuone bwino, ena akuti ndi ulesi chabe, ndipo sipalephera wina wonong'ona za kulodzedwa.

Chimene chingakhale chikuchitika n'chakuti mwanayo ali ndi matenda awiri ochokera pa muzu umodzi: matenda a Graves, amene amathamangitsa chithokomiro, ndi myasthenia gravis, imene imafooketsa minofu. Si kawirikawiri kuti akumane mwa mwana mmodzi, ndipo onse awiri ali ndi mankhwala. Chovuta n'chakuti amabisana. Zizindikiro za awa zimafanana ndi za enawo, ndipo mankhwala othandiza mbali imodzi akhoza kuvutitsa mbali inayo.

## Matenda awiri, muzu umodzi

Chitetezo cha m'thupi, chimene tinazolowera kuchitchula kuti asilikali a m'thupi, chimapanga timapuloteni totchedwa ma antibody. Timeneti timayenda m'magazi n'kukamatirira pa tizilombo toyambitsa matenda kuti tiphedwe. Nthawi zina chitetezocho chimalakwitsa n'kupanga ma antibody olimbana ndi ziwalo za mwini thupi, ndipo matenda obwera motere madokotala amawatchula kuti autoimmune. Apa chitetezo sichinatsike ngati mmene zimakhalira ndi HIV. Chilipo ndi mphamvu zake zonse, koma chikulasa polakwika.

Kuti munthu atukule chikope kapena atafune chimanga, ubongo umatumiza uthenga kudzera mu mtsempha. Mtsemphawo sugundana ndi mnofu, pakati pawo pamakhala kampata kakang'ono kwambiri. Uthenga ukafika kumapeto, mtsempha umatulutsa mankhwala achilengedwe otchedwa acetylcholine, amene amawoloka kampatako n'kukafikira pa timalo tolandirira uthenga pamwamba pa mnofu. Taganizirani amithenga a mfumu amene atumidwa kukagogoda m'makomo kuti anthu atuluke kukagwira ntchito ya m'mudzi. Mu myasthenia, ma antibody amatseka ena mwa makomowo, ena n'kuwagumuliratu. Ulendo woyamba amithenga amakhala ambiri, ndiye ngakhale makomo achepa, anthu okwanira amatulukabe. Mfumu ikatuma kachiwiri, kachitatu, kachinayi, amithenga amanka nachepa mpaka ntchito imaima. N'chifukwa chake kufooka kwa myasthenia kumakula mnofu ukamagwiritsidwa ntchito, n'kuchepa munthu akapuma kapena akagona.

Chithokomiro ndi kachiwalo ka mbali ziwiri kamene kali kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo. Chimapanga mahomoni awiri, T4 ndi T3, amene amalamula liwiro la thupi lonse: kugunda kwa mtima, kutentha, kagayidwe ka chakudya, kukula. Nachonso chimalamulidwa ndi kachiwalo kena kotchedwa pituitary, kamene kali pansi pa ubongo, kudzera mu homoni ya TSH. Apa mfumu ndi pituitary, mthenga wake ndi TSH. M'matenda a Graves ma antibody satseka khomo, koma amabwera ngati mthenga wabodza wogogoda usana ndi usiku m'dzina la mfumu. Mfumu ikaona kuti ntchito yapitirira muyeso imasiya kutuma amithenga ake, koma wabodza uja sasiya. Ndiye pa zotsatira za magazi mumapeza TSH yatsikiratu pomwe T4 ndi T3 zakwera. Dzina la matendawa linachokera kwa Robert Graves, dokotala wa ku Dublin amene anawafotokoza mu 1835.

Tisasokoneze matendawa ndi chotupa cha pakhosi chimene ambiri amachidziwa, chobwera chifukwa chosowa ayodini m'zakudya, chija chinachititsa kuti mchere wogulitsa uzithiridwa ayodini. M'matenda a Graves khosi limatupanso, koma chifukwa chake n'china, ndipo kuwonjezera mchere kapena ayodini sikuchiritsa.

## N'chifukwa chiyani amakumana?

Thupi limene chitetezo chake chalakwitsapo kamodzi limakhala losavuta kulakwitsanso. Mbali ina ya zimenezi ndi ya chibadwa: pali majini ena, makamaka a gulu la HLA, amene amapezeka kawirikawiri mwa odwala matenda onse awiri. N'chifukwa chake adokotala amafunsa ngati kubanja kuli wina wa chithokomiro, wa shuga woyamba ali mwana, kapena wa khungu lotuwa mawangamawanga. Mu 1960 dokotala wa ku Scotland, John Simpson, ataona kuti odwala myasthenia ambiri ali ndi matenda enanso a mtundu umenewu, kuphatikizapo a chithokomiro, ananena kuti myasthenia iyenera kuti imachokera ku chitetezo cha m'thupi. Umboni wake unabwera mu 1973, pamene Jim Patrick ndi Jon Lindstrom anabaya akalulu ndi puloteni ya timalo tolandirira uthenga tija, akaluluwo n'kufooka ngati odwala myasthenia.

Mwa odwala myasthenia, pafupifupi mmodzi mwa 10 amakhalanso ndi matenda a chithokomiro a autoimmune. Tikatembenuza, mwa odwala Graves amene amakhala ndi myasthenia safika mmodzi mwa 100. Choncho mwana aliyense wopezeka ndi myasthenia ayenera kuyezedwa chithokomiro, pomwe mwana wa Graves amayezedwa myasthenia pokhapokha zizindikiro zikaloza kumeneko. Alionse mwa matendawa akhoza kuyamba, enawo n'kubwera patapita miyezi kapena zaka. Graves amakonda kugwira atsikana, makamaka akamatha msinkhu. Matenda onsewa sapatsirana, ndipo palibe chimene kholo linalakwitsa pakadyetsedwe kapena kaleredwe.

## Maso ndiwo amasokoneza kwambiri

Graves payekha amaonetsa zizindikiro zimene pakhomo kapena kusukulu amazimasulira molakwika. Mwana akudya kwambiri koma akuonda. Sakhazikika m'kalasi, akupsa mtima msanga, sakugona, manja akunjenjemera mpaka zolemba zake zasintha. Akumva kutentha anzake atavala majuzi, akupita kuchimbudzi pafupipafupi, watalika mofulumira kuposa anzake. Mahomoniwa akachuluka amafooketsanso minofu ya m'ntchafu ndi m'mapewa, moti mwana amavutika kudzuka akanjuta kapena kukwera masitepe. Apa ndi pamene myasthenia imabisala, chifukwa aliyense amangoti kufookako n'kwa chithokomiro.

Kusiyana kwake kuli pa kachitidwe ka kufookako. Kwa chithokomiro kumakhala chimodzimodzi tsiku lonse ndipo kumatha mahomoni akabwerera m'malo. Kwa myasthenia kumasinthasintha, kumakula madzulo, ndipo kumakonda zikope, maso, nkhope, lilime ndi kummero.

M'maso matenda awiriwa amakokerana mbali zosiyana. Graves amakokera chikope chapamwamba m'mwamba, diso n'kuoneka lotong'oka, loyera lake n'kumaonekera pamwamba pa lakuda. Minofu yoyendetsa diso imatupa n'kuuma, ndipo zimenezi zingachititsenso kuona ziwiriziwiri. Myasthenia imagwetsa chikope. Ndiye mfundo imene madokotala amaphunzitsana ndi iyi: chikope chogwa mwa munthu wa Graves si cha Graves, fufuzani myasthenia. Mwana wa chikope chogwa mumamudziwa ndi kaimidwe kake. Amakweza chibwano, mutu n'kupendekera kumbuyo kuti aone bolodi kudzera pansi pa chikopecho, ndipo pachipumi pamachita makwinya chifukwa akukoka nsidze kuti zimuthandize. Poona TV amatseka diso limodzi ndi dzanja. Akamawerenga mokweza, mawu amayamba bwino kenako n'kumatulukira m'mphuno. Tiyi kapena phala lamadzimadzi limatha kubwerera m'mphuno, ndipo ichi si chizindikiro choti n'kudikira nacho.

Mwa ana aang'ono osatha msinkhu, myasthenia nthawi zambiri imathera m'maso mokha ndipo ambiri imadzawaleka. Koma m'maso mokhamo si nkhani yaing'ono. Mwana wosakwana zaka 7 kapena 8 chikope chikamaphimba diso kwa nthawi yaitali, ubongo umasiya kuligwiritsa ntchito, disolo n'kukhala lofooka mpaka kalekale. Ku Groote Schuur Hospital ku Cape Town, gulu la Professor Jeannine Heckmann lafotokoza kuti ena mwa odwala a mtundu wa anthu a mu Africa, makamaka amene myasthenia inawayamba ali ana, minofu yawo ya m'maso imakana kumva mankhwala ngakhale thupi lonse litapeza bwino. Anapezanso kuti amene ayamba msanga mankhwala oletsa chitetezo cholakwikacho amakhala ndi mwayi wokulirapo woti maso awo abwerere. Kwa ife kuno, kumeneku n'kutichenjeza kuti chikope cha mwana tisamachizengereze.

## Kuyeza kwake

Mbali ya chithokomiro ndi yosavuta: magazi a TSH, T4 ndi T3, ndipo kumene n'kotheka, ma antibody otchedwa TRAb amene amatsimikiza kuti ndi Graves.

Mbali ya myasthenia imayambira pa maso ndi manja a dokotala. Amamuuza mwana kuti ayang'ane kudenga kwa mphindi imodzi osaphethira kwambiri, n'kumaona ngati chikope chikutsika pang'onopang'ono. Amamuuza kuti atsinzine mwamphamvu, iye n'kuyesa kutsegula ndi zala. Palinso kuyeza kwa ayisi, kotheka ngakhale pa chipatala chaching'ono: ayisi wa m'kapulasitiki amaikidwa pa chikope chotseka kwa mphindi ziwiri, ndipo akachotsedwa chikope cha myasthenia chimatukuka kwa kanthawi, chifukwa kuzizira kumathandiza uthenga kuwoloka kampata kaja. Makolo angathandize kwambiri ndi foni: chithunzi cha nkhope ya mwana atangodzuka ndi china cha madzulo, masiku angapo. Kuchipatala mwana amaonedwa m'mawa, nthawi imene ali ndi mphamvu, ndiye popanda zithunzizo dokotala akhoza kuona mwana wabwinobwino.

M'magazi amafufuza ma antibody a AChR, olimbana ndi timalo tolandirira uthenga tija, ndipo akapanda kupezeka, a MuSK, olimbana ndi puloteni ina ya pamnofu pomwepo. Ana ambiri aang'ono amene myasthenia yawo ndi ya m'maso sapezeka ndi ma antibody m'magazi ngakhale matendawo alipo, choncho zotsatira zoti sanapeze kanthu sizitseka nkhani. Kumene kuli makina, amagwedeza mtsempha ndi timagetsi tochepa mobwerezabwereza n'kuona ngati mnofu ukunka nufooka. Dokotala amaganiziranso matenda ena ofanana nawo obadwa nawo, amene si a chitetezo ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

## Choyamba n'chiti?

Ngati mwana akuvutika kupuma kapena kumeza, choyamba ndi chimenecho, zina zonse pambuyo. Ngati sizili choncho, madokotala amafulumira kukhazika chithokomiro m'malo, kwinaku akupereka mankhwala ochepetsa kufooka. Chifukwa chake n'chakuti mahomoni a chithokomiro akachuluka amakulitsa myasthenia, ndipo kufooka kwenikweni kwa myasthenia kumaoneka bwino chithokomiro chikadekha. Mwana wina amene ankaoneka ngati akufunika mankhwala amphamvu amapezeka kuti akufunika ochepa chabe.

Mankhwala oyamba a chithokomiro ndi carbimazole, amene m'thupi amasanduka methimazole, dzina limene amagulitsidwira m'mayiko ena. Amaletsa chithokomiro kupanga mahomoni atsopano, koma sachotsa amene anasungidwa kale, ndiye pamatenga milungu ingapo kuti kusintha kuoneke. Mankhwala ena a gulu lomweli, propylthiouracil, sakondedwa kwa ana chifukwa akhoza kuwononga chiwindi koopsa. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaika chenjezo lalikulu pa mankhwalawa mu 2010.

Miyezi yoyamba magazi amayezedwa pafupifupi milungu 4 mpaka 6 iliyonse, ndipo mlingo umasinthidwa poyang'ana T4 ndi T3, popeza TSH imatha kukhalabe pansi miyezi ingapo. Kuyeza kumeneku n'kofunika kwa mwana aliyense wa Graves, koma kwa wa myasthenia n'kofunika kawiri, chifukwa chithokomiro chikatsitsidwa mopitirira nachonso chimafooketsa minofu n'kukulitsa myasthenia. Mwana akayambanso kufooka, funso limakhala la mbali zitatu: myasthenia yakula, chithokomiro chakwera, kapena chatsika kwambiri? Ndi magazi okha amene angayankhe.

Carbimazole si wa mwezi umodzi. Malangizo a European Thyroid Association a 2022 amati ana amwe kwa zaka zosachepera 3, chifukwa akasiya pa zaka ziwiri, oposa theka matenda amawabwerera. Ngozi yake imene kholo lililonse liyenera kuidziwa ndi yosowa koma yoopsa: maselo oyera a m'magazi akhoza kutha mwadzidzidzi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba. Mwana akatentha thupi, kumva kuwawa pakhosi kapena kutuluka zilonda m'kamwa, asiye kaye carbimazole n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo kukayezetsa kuchuluka kwa maselo. Kuno kwathu thupi likatentha maganizo amathamangira ku malungo, ndipo n'zoona ayezedwe malungo, koma kuyeza malungo kokha sikokwanira. Maso achikasu ndi mkodzo wakuda n'zofunanso kuchipatala msanga.

Tsopano pali nkhani ya propranolol, imene madokotala sagwirizana kwenikweni. Kwa mwana wa Graves yekha, mankhwalawa amaperekedwa milungu yoyamba kuti mtima udekhe ndi kunjenjemera kuchepe podikira carbimazole. Koma ali m'gulu la mankhwala amene akhoza kukulitsa myasthenia. Madokotala ena amawapewa kotheratu ngati mtima sukuthamanga moopsa. Ena amati mtima wothamanga kwambiri ndi ngozi yokulirapo, ndiye amapereka mlingo wochepa, kapena amasankha m'bale wake ngati atenolol, kwa nthawi yochepa mwana akuyang'aniridwa. Mankhwala ena odekhetsa mtima, monga verapamil, nawonso ananenedwapo kuti amavutitsa myasthenia, ndiye palibe njira yopanda chenjezo. Chigamulo chimadalira kuti mwa mwana ameneyo choopsa kwambiri n'chiti.

## Mankhwala a myasthenia

Oyamba ndi pyridostigmine, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la Mestinon. M'kampata kaja muli enzyme, mtundu wa puloteni, imene imaphwanya acetylcholine akangogwira ntchito. Pyridostigmine amachedwetsa enzyme imeneyi, amithenga n'kukhalitsa pakhomo. Njirayi inayamba mu 1934, pamene Dr Mary Walker ku Greenwich, London, anabaya wodwala myasthenia ndi physostigmine n'kuona zikope zake zikutukuka. Piritsi limayamba kugwira pakatha mphindi 30 mpaka 60 ndipo limatha mphamvu pakatha maola atatu kapena anayi, n'chifukwa chake limamwedwa kangapo patsiku. Kwa mwana wovutika kutafuna, kumwa kutatsala mphindi 30 mpaka 45 kuti adye kumasintha zinthu kwambiri.

Mankhwalawa sachiza muzu, amangopeputsa. Ndipo zovuta zake, kupotokola m'mimba, kutsegula m'mimba, thukuta, kugwedera kwa minofu, n'zofanana ndi za chithokomiro chokwera. Kuwonjezera mlingo pawekha n'koopsa, chifukwa akachuluka amafooketsanso minofu n'kudzaza malovu ndi makhololo. Mwana wa mphumu adokotala adziwiretu, popeza pyridostigmine ndi propranolol onse amatha kubanikitsa chifuwa, ndiponso onse amachedwetsa mtima.

Pyridostigmine akalephera, amawonjezera prednisolone kuti atontholetse chitetezo cholakwika chija. Nthawi zambiri amayamba pang'ono n'kumakweza, chifukwa mlingo waukulu woyamba nawo ukhoza kukulitsa kufooka m'milungu iwiri yoyambirira. Ubwino wake pano ndi wakuti amathandizanso kutupa kwa maso kwa Graves. Kuipa kwake kwa mwana n'kodziwika: kunenepa nkhope, kuchedwa kukula, shuga, kuthamanga kwa magazi, mafupa kufooka, ndipo mafupawo chithokomiro chokwera chinali chitawadya kale. Kwa mtsikana wa sekondale kusintha kwa nkhope n'kokwanira kumusiyitsa mankhwala mwakachetechete, ndipo kusiya prednisolone mwadzidzidzi n'koopsa. Ndi bwino kukambirana naye poyera asanayambe. Asanayambenso, dokotala amafufuza TB, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, poti chitetezo chikatontholetsedwa matenda obisala amadzuka. Mwana akakhala pafupi ndi wodwala katsabola kapena chikuku, achipatala adziwitsidwe, ndipo katemera aliyense ayambe wafunsidwa.

Pofuna kuchepetsa prednisolone amawonjezera azathioprine, amene amachedwa kugwira, miyezi 6 mpaka 12. Apa mpamene mankhwala a mbali ziwirizi amakumana pangozi imodzi: azathioprine ndi carbimazole onse akhoza kutsitsa maselo oyera ndi kuvutitsa chiwindi. Sikuti sangamwedwe limodzi, koma magazi amayezedwa pafupipafupi, ndipo madokotala amakonda kusayamba onse tsiku limodzi kuti vuto likabwera adziwe wolakwa. Kwa amene sakumva mankhwalawa, makamaka okhala ndi ma antibody a MuSK, pali mankhwala ena otontholetsa chitetezo otchedwa rituximab.

## Za thymus, ndi msampha wake

Kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thymus, kumene asilikali ena a m'thupi amaphunzirira kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi. Mwa odwala myasthenia ambiri thymus ndiyo imasunga maselo opanga ma antibody olakwika, ndipo kuichotsa pa opaleshoni kumathandiza. Kafukufuku wamkulu wa MGTX, wofalitsidwa mu 2016, anasonyeza kuti ochotsedwa thymus anapeza bwino ndiponso anafunika prednisolone wochepa, koma anachitidwa pa anthu a zaka 18 mpaka 65. Kwa ana madokotala amasiyana maganizo. Ambiri amavomereza opaleshoniyi kwa wachinyamata wotha msinkhu amene myasthenia yagwira thupi lonse ndipo ali ndi ma antibody a AChR. Kwa mwana wamng'ono wa m'maso mokha ambiri amadikira, chifukwa matendawo akhoza kutha okha.

Msampha ndi uwu: Graves payekha amakulitsa thymus, ndipo chithokomiro chikadekha thymus imabwerera yokha pakapita miyezi. Ndiye sikani ya pachifuwa ya mwana wa matenda onse awiri ikasonyeza thymus yaikulu, si chifukwa chothamangira mpeni. Chotupa chenicheni cha thymus n'chosowa kwambiri mwa ana. Ngati chithunzicho sichikuonetsa zokayikitsa, amajambulanso chithokomiro chitakhazikika.

Opaleshoni iliyonse, ya thymus kapena ya chithokomiro, imadikira kuti mahomoni akhale m'malo ndi myasthenia ikhale yogonja. Dokotala wogonetsa ayenera kudziwa zonse ziwiri, chifukwa mankhwala olefula minofu amene amagwiritsidwa ntchito pa opaleshoni amagwira mopitirira mwa wodwala myasthenia.

Graves akakana kutha, kapena carbimazole akavuta, njira zotsala ndi ziwiri: kuchotsa chithokomiro, kapena kumwa ayodini wa radiation amene amachiwotcha pang'onopang'ono. Opaleshoni imathetsa vuto msanga koma imafuna dokotala wozolowera, poti pafupi pali mtsempha wa mawu ndi tiziwalo tolamula kashiamu. Ayodiniyo safuna mpeni, koma saperekedwa kwa ana osakwana zaka 5, akhoza kukulitsa vuto la maso, ndipo amapezeka m'zipatala zochepa. Njira zonse ziwiri zimathera pa piritsi la levothyroxine, lolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, tsiku lililonse moyo wonse.

## Mankhwala wamba amene angagwetse mwana

Gawo ili ndi limene likutikhudza kwambiri kuno, chifukwa mankhwala ovutitsa myasthenia ndi omwe aja ali pa shelefu ya chipatala chilichonse. Gentamicin, jekeseni imene imabayidwa ana ambiri a chibayo ndi matenda a m'magazi. Ciprofloxacin. Erythromycin ndi azithromycin. Kwinini ndi chloroquine. Magnesium sulphate wa m'mitsempha. Onsewa amasokoneza uthenga pa kampata kaja. Mwayi wake, kuyambira 2007 mankhwala oyamba a malungo ku Malawi ndi LA, ndipo malungo aakulu amachizidwa ndi jekeseni ya artesunate, choncho kwinini ndi wopeweka. Sikuti mankhwala enawo ndi oletsedwa zivute zitani. Matenda osachizidwa nawonso amagwetsa wodwala myasthenia, ndipo ngati palibe ena, dokotala akhoza kuwapereka mwana atagonekedwa n'kumamuyang'anira kapumidwe. Chofunika n'chakuti wolemba mankhwalayo adziwe.

Njira yosavuta ndi kupempha adokotala kuti alembe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la kabuku ka kuchipatala mayina a matenda onse awiri, mankhwala amene mwana akumwa, ndi oyenera kupewa. Kabukuko kaziyenda ndi mwana, ngakhale kopita kutchuthi kwa agogo. Mapiritsi ogula pagolosale kapena pamsika osafunsa, amene ambirife timawaona ngati nkhani wamba, kwa mwana uyu ayi.

## Ngozi ziwiri zofuna kuthamanga

Yoyamba ndi pamene myasthenia yafika pa minofu yopumira. Mwana amapuma mofulumira koma mosazama, amakana kugona chagada, satha kumaliza chiganizo ndi mpweya umodzi, chifuwa chake chilibe mphamvu, malovu akumutsamwitsa, mutu ukugwera kutsogolo. Kachipangizo kopana pachala koyeza okosijeni kakhoza kuonetsa nambala yabwino mpaka mochedwa, ndiye kasanamize munthu. Mwana wotere amafunika chipatala chokhala ndi makina othandiza kupuma, monga chipinda cha ana odwala mwakayakaya cha Mercy James Centre pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, chimene chinatsegulidwa mu 2017. Chithandizo chofulumira ndi IVIG, amene ndi ma antibody abwino ochokera m'magazi a anthu ambiri, kapena kusefa madzi a m'magazi kuti ma antibody olakwika achoke. Zonsezi n'zodula ndipo mphamvu yake ndi ya milungu yochepa.

Yachiwiri ndi pamene chithokomiro chalusa: thupi kutentha kwambiri, mtima kuthamanga koopsa, kusanza, kutsegula m'mimba, kubwebweta kapena kukomoka. Zimene zimayambitsa ngozi ziwirizi n'zofanana, matenda ngati chibayo kapena malungo, opaleshoni, kudumphitsa mankhwala, ndipo zikhoza kubwera limodzi.

## Kusukulu ndi kutsogolo

Ana ambiri akalandira chithandizo amabwerera m'kalasi n'kumasewera ngati anzawo. Aphunzitsi akadziwa, zinthu zing'onozing'ono zimathandiza: kukhala kutsogolo, kuloledwa kumwa piritsi nthawi yake, kupatsidwa mpata wopuma polemba mayeso aatali, kusakakamizidwa kuthamanga kapena kulima padzuwa. Kutentha kumakulitsa myasthenia, ndiye mwezi wa October, makamaka m'madera ngati Chikwawa ndi Nsanje, umakhala wovuta. Kusambira kunyanja kapena kumtsinje kukhale ndi wamkulu pafupi. Msinkhu ndi sikelo zilembedwe ulendo uliwonse wa kuchipatala, chifukwa chithokomiro ndi prednisolone onse amasintha kakulidwe.

Mtsikana akamakula pali nkhani imene iyenera kukambidwa isanafike nthawi yake. Carbimazole akhoza kulemaza mwana wosabadwa m'miyezi itatu yoyamba ya pakati, choncho mimba iyenera kukonzekeredwa limodzi ndi adokotala kuti mankhwala asinthidwe. Kusikelo anamwino adziwe za myasthenia, chifukwa magnesium sulphate, amene amapulumutsa amayi ambiri ogwidwa ndi kuthamanga kwa magazi ndi kukomoka pa nthawi ya pakati, akhoza kuimitsa kupuma kwa mayi wa myasthenia. Ma antibody a matenda onse awiri amawoloka kupita kwa khanda, ngakhale mayi atachotsedwa chithokomiro kalekale. Khandalo likhoza kubadwa lolephera kuyamwa ndi kulira mwamphamvu, kapena la mtima wothamanga ndi losanenepa. Zimenezi zimatha pakapita milungu kapena miyezi yochepa ma antibody a mayi akachoka m'thupi mwake, koma mayiyo aberekere pa chipatala chachikulu, ndipo khandalo liyang'aniridwe masiku oyamba lisanatulutsidwe.